Mwendo umodzi ukatupa, musafulumire kunena kuti ndi nyamakazi yomwe ija

Mawu akuti nyamakazi ali ngati dengu la pamsika, chilichonse chimalowamo. Bondo la anganga likamalira pokwera chitunda, ndi nyamakazi. Msana wa mlovi amene wachezera kukoka chilimira ukauma, ndi nyamakazi. Chala chachikulu cha kuphazi chikatupa mwa bambo wokonda nyama ndi mowa, nyamakazinso. Ena amafika posiyanitsa nyamakazi yobwera yokha ndi ina yochita kutcheredwa panjira. Vuto la dengu lotere n'lakuti munthu akangodziwika m'mudzi kuti ndi wa nyamakazi, chilichonse chimene chingamupweteke pambuyo pake timachiponya momwemo osachiyang'ana kawiri.

Tiyerekeze mayi wa zaka za m'ma 50, wa cha ku Makanjira, amene zala zakhala zikumuvuta kwa zaka zingapo. Mwezi wathawu matenda amukula, wakhala masiku ambiri ali gone pamphasa. M'mawa wina mwana wake akuona kuti mwendo wamanzere wanenepa kuposa unzake kuyambira m'munsi mwa bondo.

"Amayi, mwendowu watani?"

"Ndi nyamakazi yomwe ija, mwanangu, yatsikira kumwendo. Tandiphitsira madzi undithowe."

Mwina mayiyo akunena zoona. Koma n'kuthekanso kuti magazi aundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendowo, ndipo zikakhala choncho madzi otentha ndi manja a mwana wachikondi sizithandiza kanthu. Chofunika ndi galimoto yopita kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kuchoka ku Makanjira kufika paboma, ku Mangochi, ndi makilomita pafupifupi 100.

Nyamakazi imene tikukamba pano ndi mtundu umodzi wokha mwa yambiri ija, umene madokotala amautcha rheumatoid arthritis, dzina limene dokotala wa ku London, Alfred Garrod, anaupatsa mu 1859. Iyi si nyamakazi ya kuperepeseka kwa mafupa chifukwa cha ukalamba kapena ntchito yakalavulagaga. Imayamba pamene asilikali a m'thupi, omwe aja timawamva m'maphunziro a HIV, asokonezeka n'kuyamba kuthira nkhondo kachikopa kopyapyala kokuta mfundo za mafupa. Kawirikawiri imagwira tizimfundo ta zala za m'manja, pamfundo ya dzanja ndi zala za kumapazi, ndipo imakonda kugwira mbali zonse ziwiri mofanana, kumanja ndi kumanzere. M'mawa zala zimauma gwa kwa ola lathunthu kapena kupitirira, moti kumanga mpango kapena kugwira mthiko kumakhala nkhondo, kenako zimayamba kumasuka dzuwa likamakwera. Nyamakazi ya ukalamba imachita zosiyana: m'mawa imauma pang'ono chabe, n'kumapweteka kwambiri munthu akagwira ntchito. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu 18 miliyoni anali ndi rheumatoid arthritis, ndipo mwa anthu 100 alionse odwala nthendayi, pafupifupi 70 ndi akazi.

Nkhondo ya asilikali osokonezekawa imabweretsa kutupa, kutentha ndi ululu, zimene madokotala amaziphatikiza m'mawu amodzi akuti inflammation. Ife tingoti moto. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti motowu suthera m'zala. Umayenda ndi magazi thupi lonse. Ndiwo umachititsa kuti wodwala azingomva kutopa, achepe magazi, nthawi zina agwidwe m'mapapo kapena m'maso. Ndiwonso umasintha khalidwe la magazi enieniwo.

Kuundana kwa magazi pakokha si matenda. Mukadzicheka ndi mpeni potumbula chambo, magazi amatuluka kanthawi kenako n'kuundana, bala n'kutsekeka. Popanda zimenezi tikanatha tonse ndi timabala ta kukhitchini. Zimavuta magazi akaundana m'kati mwa mtsempha woti sunang'ambike. Apa Chichewa chimatisokoneza pang'ono, chifukwa mawu akuti mtsempha timatchulira zinthu zambiri: njira zochotsa magazi kumtima, njira zowabweza kumtima, timaulusi tonyamula mauthenga a ubongo, ngakhalenso zingwe zolumikiza minofu ku mafupa. Nkhani yathu kwenikweni ili pa mitsempha yobweza magazi kumtima, makamaka ikuluikulu yobisika m'kati mwa katumba ndi ntchafu, osati yooneka pakhungu ija. Magazi akaundana m'menemo, achipatala amati deep vein thrombosis, mwachidule DVT.

Magazi ochoka kuphazi amayenda chokwera, ndipo kumusi kumeneko kulibe mtima wowapopa. Amene amagwira ntchitoyo ndi katumba. Mukamayenda, katumba amafinya mitsempha ija n'kukankhira magazi m'mwamba, ndipo tizitseko tokhala m'kati mwake timaletsa magaziwo kubwerera. Mukakhala malo amodzi nthawi yaitali, pampu imeneyi imaima, magazi n'kumangozengereza kuseri kwa tizitsekoto.

Amene anaimapo pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyang'ana Shire akutsikira ku Malombe akudziwa kuti pakati, pamene madzi akuthamanga, sipaima kanthu. Namasupuni amaunjikana m'mbali, momwe madzi afooka. Tsiku lina chigulu chimathothoka n'kuyandama mpaka chikafike pamene njira yapanikizika, ndiye chifukwa chake ku Liwonde amatchinga zomerazi ndi kuzivuula zisanakatseke makina a magetsi ku Nkula. M'thupi zimayendanso choncho. Chibenthu cha magazi oundana chikathothoka mumwendo, chimakwera ndi mtsempha waukulu wa m'mimba, n'kudutsa mbali ya kumanja ya mtima, n'kulowa m'mapapo, kumene mitsempha imagawikana ngati nthambi za mtengo, kucheperachepera. Chikafika pothina chimatseka. Uku ndiye kumene amati pulmonary embolism. Chibenthu chaching'ono chimangobanikitsa munthu. Chachikulu chimatha kumupha asanamalize n'kuitana komwe.

Amene anaonetsa kuti magazi oundana opezeka m'mapapo amakhala atachokera kumiyendo ndi dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, m'zolemba zake za mu 1856. Mpaka lero ophunzira udokotala amaloweza zinthu zitatu zotchedwa ndi dzina lake, zimene zili ngati mafuwa okhazikapo mphika wa vutoli: magazi kuyenda mozengereza, khoma la mtsempha kuwonongeka, ndi magazi enieniwo kukhala okonda kuundana. Kungoti mphika uwu umatha kukhazikika ngakhale pa mafuwa awiri. Tsoka la wodwala rheumatoid arthritis n'lakuti nthenda yake imatha kumuikira onse atatu.

Fuwa loyamba n'losavuta kulimvetsa. Mawondo ndi akakolo zikamapweteka, munthu sayenda. Amakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ana n'kumamubweretsera zonse, ndipo achibale amaona ngati akumusamala. Bondo lotupa kwambiri limathanso kupanikiza mtsempha wodutsa kuseri kwake.

Fuwa lachiwiri ndi khoma. M'kati mwa mtsempha wabwino mumakhala moterera ngati mbale yatsopano, ndipo khomalo limatulutsa zinthu zoletsa magazi kumatirira. Moto uja ukamayaka, asilikali amatumizirana mauthenga kudzera m'timadzi totchedwa TNF ndi interleukin-6. Timadziti tikamakhudza khoma la mtsempha mwezi ndi mwezi, limasiya kuterera n'kuyamba kukola tizigawo ta magazi todutsa.

Fuwa lachitatu ndiye pagona nkhani. Magazi akamaundana, chimachitika ndi kulukidwa kwa ukonde. M'magazi muli chinthu chosungunuka chotchedwa fibrinogen, chimene chimapangidwa m'chiwindi. Belu likalira kuti penapake pavulala, fibrinogen amasanduka timaulusi, timaulusito n'kulukana, ukondewo n'kukola maselo ofiira ngati usipa. Palinso tizidutswa totchedwa platelets, timene timathamangira pamalopo kukamata. Koma thupi si lopusa. Lili ndi alonda oletsa ukonde kukula mopyola muyezo, monga protein C, ndiponso omasula ukonde ntchito yake ikatha. Moto wa rheumatoid arthritis umasokoneza mbali zonsezi nthawi imodzi. Interleukin-6 amalamula chiwindi kupanga fibrinogen wochuluka, ma platelets amachulukanso, maselo ena oyera amayamba kuliza belu lija popanda bala lililonse, alonda amafooka, ndipo omasula ukonde amamangidwa manja. Oluka achuluka, omasula achepa.

Thupi limachita dala zimenezi, ndipo pa bala lenileni ndi nzeru: magazi oundana amamanga mpanda kuti tizilombo tolowera pabalapo tisafalikire. Koma dongosololi linakonzedwera moto wa sabata imodzi, osati woyaka zaka khumi. Amene anayezetsapo magazi kuchipatala n'kuona zilembo za ESR m'kabuku kawo anaona kale chizindikiro cha zimenezi osadziwa. Poyeza ESR amaika magazi m'kachubu n'kuona msanga umene maselo ofiira akutsikira pansi pa ola limodzi. Fibrinogen akachuluka, maselowo amamatirirana n'kumira mofulumira, nambala n'kukwera. Nambala yomwe imauza dokotala kuti nyamakazi yalusa ndi yomweyonso ikunena kuti zipangizo zolukira ukonde zachuluka m'magazi.

Nanga chiopsezocho n'chachikulu bwanji? Ziwerengero zodalirika kwambiri zimachokera ku Sweden, dziko limene limalemba m'kaundula pafupifupi wodwala nyamakazi aliyense n'kumamutsatira kwa zaka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 m'magazini ya zachipatala ya JAMA anapeza kuti pa odwala rheumatoid arthritis 1,000 alionse, pafupifupi 6 ankadwala DVT kapena pulmonary embolism pachaka, pomwe mwa anzawo a msinkhu womwewo opanda nthendayi anali pafupifupi 3. Kuwirikiza kawiri. Mu 2021 akatswiri a ku Karolinska Institutet ku Stockholm anafalitsa kafukufuku wina wa odwala opitirira 46,000, ndipo uyu kwa ine ndiye wofunika kwambiri. Madokotala a nyamakazi ali ndi muyezo wotchedwa DAS28, umene amawerenga mfundo 28 za m'thupi kuona zingati zatupa ndi zingati zikupweteka, n'kuphatikiza ndi zotsatira za magazi. Mwa odwala amene muyezowu unaonetsa kuti nthenda yagona, pafupifupi 5 pa 1,000 ndi amene magazi anawaundana m'chaka chotsatira. Mwa amene nthenda inali italusa, anali pafupifupi 11 pa 1,000.

Nambala zimenezi ziwerengedwe mbali zonse. Anthu 11 pa 1,000 zikutanthauza kuti 989 chaka chinatha bwinobwino, choncho palibe chifukwa chogonera m'mantha. Koma rheumatoid arthritis si malungo oti pakatha masiku atatu achoka. Munthu amakhala nayo zaka 20 kapena 30, ndipo kachiopsezo ka chaka chilichonse kamaunjikana. Chachikulu chimene kafukufukuyu akuonetsa n'chakuti chiopsezocho sichinakhomeredwe pamalo amodzi, chimakwera ndi kutsika motsatira ukali wa moto. Amene nthenda yawo inagona anayandikirako anthu wamba, ngakhale chiopsezo chawo chinali chokwererapobe. Ndipo kumbukirani kuti awa ndi odwala a ku Sweden, otsatiridwa ndi akatswiri a nyamakazi. Mayi wathu wa ku Makanjira, amene moto wake wakhala ukuyaka zaka popanda mankhwala ouzimitsa, ali m'gulu la olusa lija chaka ndi chaka.

Moto womwewu umagwiranso mitsempha yochotsa magazi kumtima, ndipo kumeneko zotsatira zake ndi matenda a mtima ndi sitiroko. Bungwe la madokotala a nyamakazi ku Ulaya la EULAR limalangiza kuti powerengera chiopsezo cha matenda a mtima kwa wodwala rheumatoid arthritis, nambala yopezekayo ichulukitsidwe ndi 1.5. Ndiye BP, shuga ndi fodya si nkhani zapambali kwa munthu wotere. Fodya ndiye woipa kawiri, chifukwa amathandiziranso kuyambitsa nyamakazi imeneyi ndi kuikulitsa.

Tsopano mankhwala, pamene nkhani imapotana. Ambiri odwala nyamakazi kwathu kuno amadalira mapiritsi opha ululu ogula pagolosale kapena kufamase: Indocid, Brufen, diclofenac. Amachepetsa ululu ndithu, koma sazimitsa nthenda, ndipo mfundo zimapitirira kudyeka mwakachetechete. Ena amadziwa prednisolone, amene amagwira ntchito ngati matsenga: wamwa lero, mawa zala zamasuka. Koma prednisolone ndi abale ake amawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi. Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark wa mu 2013 anapeza kuti omwa mankhwala a gulu limeneli chiopsezo chawo chinali chowirikiza kawiri, ndipo kwa ongoyamba kumene chinkafika katatu. Mbali ina ya kukweraku ndi ya matenda omwe anachititsa kuti apatsidwe mankhwalawo, koma mbali ina ndi ya mankhwala enieniwo. Izi sizikutanthauza kuti amene akumwa prednisolone ataye botolo lero. Munthu amene wamwa kwa milungu yambiri akasiya mwadzidzidzi amatha kudwala mwakayakaya, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga lokha chinthu chofanana ndi mankhwalawo. Amatsitsa pang'onopang'ono, ndipo wotsitsa ndi dokotala. Chimene ine ndimadana nacho ndi kamwedwe kogula wekha, kumwa ululu ukabwera, kusiya ukachoka, zaka n'kumapita.

Mankhwala ozimitsa moto weniweni ndi ena. Mtsogoleri wawo ndi methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Kulakwitsa pamenepa kwaphapo anthu. Amaperekedwa limodzi ndi folic acid, saloledwa kwa mayi woyembekezera kapena amene akufuna pathupi, ndipo sagwirizana ndi Bactrim, zimene n'zofunika kuzidziwa m'dziko limene anthu ambiri omwa ma ARV amalandiranso Bactrim wa tsiku ndi tsiku. Palinso sulfasalazine ndi hydroxychloroquine. Wachiwiriyu ndi mbale wake wa chloroquine uja wowawa, woyabwitsa thupi, amene Malawi anasiya kuchizira malungo mu 1993. Ku malungo anagonja, koma banja lake likadali pa ntchito ku nyamakazi. Onsewa sagwira msanga, amatenga milungu kapena miyezi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amawasiya n'kubwerera ku Indocid.

Pali gulu latsopano la mapiritsi lotchedwa JAK inhibitors, limene ndi lodula, koma m'boma ngati la Mangochi, limene mabanja ambiri ali ndi wina ku Joni wotumiza mankhwala, ndi bwino kulidziwa. Loyamba lake pa nyamakazi imeneyi, tofacitinib, logulitsidwa ndi kampani ya Pfizer m'dzina la Xeljanz, linaloledwa ku America mu 2012, ndipo bungwe loona za mankhwala kumeneko la FDA linalamula kuti pachitike kafukufuku wina woona chitetezo chake. Kafukufukuyo, ORAL Surveillance, anatenga odwala 4,362 a zaka 50 kapena kupitirira, aliyense ali kale ndi chinthu chimodzi chomuika pachiopsezo cha matenda a mtima. Mu February 2019, kafukufuku ali m'kati, kunaoneka kuti omwa mamiligalamu 10 kawiri patsiku ankadwala pulmonary embolism ndi kumwalira mochuluka kuposa olandira jakisoni wa gulu loletsa TNF, ndipo mlingo umenewo unaimitsidwa m'kafukufukuyo. Mu September 2021 FDA inalamula chenjezo lamphamvu pa tofacitinib, baricitinib ndi upadacitinib, ndipo chakumapeto kwa 2022 bungwe la ku Ulaya la EMA linalangiza kuti kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo, osuta fodya ndi ena a chiopsezo, mankhwalawa aperekedwe pokhapokha ngati palibe ena oyenera. Si poizoni, athandiza ambiri amene methotrexate inawakanika. Koma si mankhwala oti achimwene angogula ku Johannesburg n'kupatsira dalaivala wa basi.

Basi yomweyo ndi nkhani payokha. Ulendo wa ku Joni, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, umadya usana ndi usiku munthu ali chokhala, mawondo atapindika, katundu ali kumapazi, ndipo ambiri amadzimana madzi poopa kuvutika ndi mkodzo panjira. Mu 2007 WHO inalengeza zotsatira za kafukufuku wake woonetsa kuti kukhala chokhala paulendo wa maola anayi kapena kupitirira kumawirikiza kawiri chiopsezo cha magazi kuundana, ngakhale kwa munthu wamba chimakhalabe chaching'ono, pafupifupi mmodzi pa 6,000. Kwa amene magazi ake ndi okonda kale kuundana, fuwa lina lawonjezeka. Chimodzimodzi ulendo wa pandege wa ku Haji. Chothandiza n'chosalira ndalama: kutsika paliponse pamene basi yaima, kuyendayenda, kumwa madzi, ndipo muli pampando kumagwedeza mapazi ngati mukupalasa makina osokera.

Kwa amayi pali nyengo ina yofunika kuisamala. Rheumatoid arthritis nthawi zambiri imagona mayi akakhala ndi pakati, n'kudzuka mwaukali akangochira. Milungu isanu ndi umodzi yoyamba mwana atabadwa ndiyonso nthawi imene magazi a mayi aliyense amakonda kuundana kwambiri, makamaka ngati anachira kudzera opaleshoni. Ndiye taganizani mayi ali m'chikuta, sakutuluka, nyamakazi yadzuka. Kukhala m'nyumba sikuletsa kudzuka ndi kuyendayenda m'chipindamo. Pa za kulera, mapiritsi okhala ndi mahomoni awiri, monga Microgynon, amakweza chiopsezochi, pomwe lupu ndi kapulasitiki ka pamkono sizidziwika ndi vuto limeneli. Mayi wa nyamakazi imeneyi awauze anamwino a kusikelo za nthenda yake asanasankhe njira. HIV, makamaka chitetezo chikatsika, TB, khansa, kuthyoka mwendo pangozi ya kabaza, kunenepa kwambiri, kugonekedwa m'chipatala masiku angapo, chilichonse mwa izi chimawonjezera pa mulu womwewo.

Tibwerere kwa mayi uja ndi mwendo wake. Kodi mwana wake akanadziwa bwanji? Nyamakazi imatupitsa pamfundo, pabondo penipeni kapena pakakolo, ndipo imakonda mbali zonse ziwiri. Miyendo yonse iwiri ikatupa mofanana, maganizo amapita ku mtima, impso, chiwindi kapena kuchepa magazi. DVT nthawi zambiri imagwira mwendo umodzi, ndipo chimatupa ndi mnofu wa pakati pa mfundo, katumba yense kapena mpaka ntchafu. Mwendo umalemera, umatentha, khungu limanyezimira kapena kuderako kuposa linzake, ndipo ululu wake umakhala ngati kukokana kosatha. Tepi ya atelala imathandiza: pezani kafupa kotumphuka m'munsi mwa bondo, tsikani masentimita 10, yezani kuzungulira miyendo yonse iwiri. Kusiyana kopitirira masentimita atatu ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene madokotala amawerengera pa muyezo wa Wells, wotchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Canada amene anaukonza. Koma tepi ikapanda kusonyeza kusiyana si umboni woti zonse zili bwino, chifukwa magazi ena amaundana mwakachetechete.

Ndiye pali msampha umene umakola ngakhale madokotala. Bondo la wodwala rheumatoid arthritis likadzaza madzi, madziwo amatha kupanga kathumba kuseri kwa bondo, kotchedwa Baker's cyst potengera dokotala wa ku England, William Morrant Baker, amene anakafotokoza mu 1877. Kathumbaka kakaphulika, madzi amatsikira m'katumba, mwendo n'kutupa, kutentha ndi kupweteka ndendende ngati DVT. Apa ndiye mayi uja angakhale akunena zoona kuti nyamakazi yatsikira kumwendo. Koma ndi maso kapena ndi manja palibe angasiyanitse ziwirizi motsimikiza, ndipo nthawi zina zimapezeka pamodzi mwendo womwewo. Chosiyanitsa ndi sikani, makina a mtundu womwe uja amaunikira amayi oyembekezera. Woyezayo amadinikiza mtsempha ndi kachipangizo kake: mtsempha wabwino umaphwatalala, wokhala ndi magazi oundana umakana. Kulinso kuyeza magazi kotchedwa D-dimer, koma kwa wodwala nyamakazi yolusa sikuthandiza kwenikweni, chifukwa moto uja umakweza kale nambala yake.

Pamene simunapimidwe, mwendo wotere usathowedwe mwamphamvu, usatikitidwe, usatemedwe mphini. Ndikudziwa kuti mwendo umodzi ukatupa popanda bala, m'mudzi mumayamba manong'onong'o oti waponda mankhwala, ndipo njira ya kwa asing'anga imakhala yaifupi kuposa ya kuchipatala. Koma masiku otayika kumeneko ndi omwe ukonde uja ukukula kukwera kuntchafu, kumene zibenthu zake zimakhala zazikulu.

Zikafika m'mapapo, munthu amayamba kubanika mwadzidzidzi, mtima kuthamanga, m'chifuwa kubaya akamakoka mpweya, nthawi zina kutsokomola magazi kapena kukomoka. Kwathu kuno zizindikiro zimenezi zimatitengera msanga ku chibayo kapena TB, ndipo m'pomveka, chifukwa ndi matenda amene timakumana nawo kawirikawiri. Nyamakazi yomweyi imathanso kuwononga mapapo, methotrexate nayenso nthawi zina amawatupitsa. Chithunzi cha X-ray chimatha kuoneka bwinobwino pomwe mtsempha wa m'mapapo watsekeka, ndipo chotsimikizira ndi sikani ina yotchedwa CT scan, imene imafuna kutumizidwa kuchipatala chachikulu. Choncho mawu a wodwala ndi omuperekeza ndi amtengo wapatali. Nenani kuti ali ndi rheumatoid arthritis, kuti wakhala chigonere milungu iwiri, kuti mwendo unatupa sabata yatha, kuti wangotsika basi ya ku Joni, kuti akumwa prednisolone. Dokotala amene waona odwala chifuwa makumi angapo m'mawa umenewo akamva zimenezi amatembenuza maganizo.

DVT ikapezeka imachizika. Mankhwala ake anthu amati osungunula magazi, ngakhale kwenikweni ntchito yawo ndi kuletsa ukonde kukula, kuti omasula a m'thupi aja apeze mpata. Kawirikawiri amayamba ndi jakisoni wa heparin, monga enoxaparin wobaya pakhungu la pamimba, limodzi ndi mapiritsi a warfarin, amene amatenga masiku angapo kuti agwire. Kulinso atsopano monga rivaroxaban ndi apixaban, osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, kungoti mtengo wake ndi wokwera. Mankhwalawa amamwedwa miyezi itatu kapena kupitirira. Mwendo umaphwa pakangopita milungu yochepa, ndipo apa m'pamene ambiri amanyengeka n'kusiya.

Warfarin ndi mankhwala a nkhanza zobisika. Akachepa sateteza, akachuluka munthu amatuluka magazi m'kamwa, m'mphuno, mumkodzo kapena m'mimba. Amayezedwa ndi nambala yotchedwa INR, imene kwa ambiri iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Kwa mayi woyembekezera amapewedwa, amagwiritsa ntchito heparin. Ndipo amakangana ndi pafupifupi chilichonse chimene wodwala nyamakazi wa ku Mangochi angakhale akumwa. Indocid, Brufen, diclofenac ndi aspirin zikakumana ndi warfarin zimatha kutulutsa magazi m'mimba, moti chopondapo chikada bii ngati phula n'chizindikiro chothamangira kuchipatala. Bactrim ndi Flagyl zimamuwonjezera mphamvu. Rifampicin wa m'mankhwala a TB, uja amafiiritsa mkodzo, amamufooketsa kwambiri, ndipo amafooketsanso atsopano aja. Mphini pa munthu womwa warfarin zimatha kukha magazi osaleka.

Ngakhale ndiwo zimalowererapo. Warfarin amagwira ntchito polimbana ndi vitamini K, amene amachuluka m'masamba obiriwira: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, chigwada. Ena akamva zimenezi amasiyiratu masamba, komwe ndi kulakwitsa. Mlingo wa warfarin amaukonza molingana ndi mbale yanu ya masiku onse, ndiye chofunika ndi kusasinthasintha. Chovuta n'chakuti mbale yathu imasintha yokha ndi nyengo: dzinja masamba ali mbwee, pofika October ndi usipa ndi nyemba basi. Mwezi wa Ramadan nawo umasintha kadyedwe ndi nthawi yomwera mankhwala. Nthawi zoterezi ndi zoyenera kuyezetsa INR msanga, osadikira tsiku lolembedwa m'kabuku. Ndipo popita kumeneko, nyamulani m'jumbo chilichonse chimene mukumwa, cha kuchipatala, cha pagolosale, chotumizidwa kuchokera ku Joni, ngakhale ufa wa cham'mwamba umene anakupatsani achemwali, mukachikhuthule patebulo pa adokotala.